Nyali za Galimoto Yakale ndi Kachipangizo Kotchedwa Relay

Lero tikambirana za nyali za galimoto zakale, makamaka za kachipangizo kena, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene amakaniko amakatcha relay. Inu amene mulibe galimoto musatseke wailesi ayi, pakuti ndinu amene mumakwera kumbuyo kwa matola, ndinunso amene mumakankha njinga m'mphepete mwa msewu kutada.

Nkhaniyi idandipeza ku Chikweo, m'boma la Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Ndidapita kukajambula mawu a alimi a mpunga, ndipo ntchito idatha dzuwa litapendeka kale. Galimoto yokhayo imene idatsala yolowera ku Ntaja idali Peugeot 404 yotsegula kumbuyo, yodzaza ndi madengu a nsomba zouma. Mwini wake, bambo wachikulire ndithu, adandipatsa malo kutsogolo. Mdima utagwa adayatsa nyali, koma kuwala kwake kudali kofiirira ngati kwa koloboyi. Tikukhota pamalo ena, tidangoona chithunzithunzi pamaso pathu penipeni: mnyamata akukankha njinga itasenza thumba la mpunga. Bambo aja adaponda buleki, madengu adagubuduzika, mnyamatayo adalumphira m'thengo. Mwamwayi palibe adavulala.

Mtima utakhala pansi ndidafunsa kuti, "Bambo, kodi mababuwa atha?" Iwo adati, "Iyayi mwanangu, ndagula dzana lomweli. Tagwirani apa." Ndidagwira swichi ya nyali, ndipo idali yotentha ngati simbi yositira.

Tsono kutentha kumeneko ndiye gwero la nkhani yathu. Galimoto za mtundu umenewu zidayamba kupangidwa ku France m'chaka cha 1960, ndipo zotsiriza zidatuluka ku Kenya mu 1991. Ndiye kuti ngakhale yaing'ono pa zonse yapitirira zaka 30. Chimodzimodzinso ma Land Rover ndi ma Datsun akale. M'galimoto zambiri za nthawi imeneyo, magetsi onse opita ku nyali amayenda ulendo wautali. Amachoka ku batire, nalowa m'kati mmene mumakhala dalaivala, nadutsa pa swichi yoyatsira, nadutsanso posinthira dimu ndi fulu, kenaka n'kubwerera kutsogolo kwa galimoto. Galimoto ikadali yatsopano, ulendowu sudali wovuta. Koma zaka zikamapita, timkuwa ta m'swichi timaperepeseka, ndipo polumikizira mawaya pamagwira dzimbiri. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'madambo nthawi ya dzinja zimangowonjezera. Malo alionse otere amadyako magetsi pang'ono, ndipo magetsi odyedwawo amasanduka kutentha. Tingayerekeze ndi ngalande ya m'munda wa mpunga imene yang'ambika uku ndi uku: madzi amachoka ochuluka kumtunda, koma ofika kumunda wotsiriza ndi ochepa.

Tiyeni tiwerengere pang'ono, monga tinkachitira m'kalasi. Babu la halogen lotchedwa H4, limene lidayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1971, limadya 55 watts pa dimu ndi 60 watts pa fulu. Pa batire ya 12 volts, babu limodzi limakoka pafupifupi 5 amps, awiri pafupifupi 10 amps. Galimoto zambiri zakale zidapangidwira mababu ocheperapo, a 40 ndi 45 watts, kotero swichi yokalambayo lero ikusenza katundu woposa amene idasenza pa unyamata wake. Injini ikamalira, alternator yabwino imapereka pafupifupi 14 volts ku batire. Ngati ku babu kukufika 12.5 volts yokha, mungaganize kuti zotayikazo n'zochepa. Komatu babu silitero. Magetsi akatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumatsika ndi pafupifupi magawo 3 mwa magawo 10. Apa m'pamene mnyamata wa njinga uja adabisala.

Madalaivala ambiri akaona nyali zafooka amathamangira kugula mababu a 100 watts. Ine ndikuti kumeneko n'kusenzetsa nkhalamba matumba awiri chifukwa yalephera limodzi. Mababu awiri otere amakoka magetsi opitirira 15 amps kudzera m'njira yomwe ija. Swichi imasungunuka, waya amapsa, ndipo nthawi zina nyali zimathima zonse galimoto ili pa liwiro.

Nanga relay n'chiyani? Ndi swichi yoyendetsedwa ndi magetsi. M'kati mwake muli koyilo ya waya wopyapyala wokulungidwa pa kachitsulo. Magetsi ochepa akadutsa m'koyilomo, kachitsuloko kamasanduka maginito, n'kukoka kachitsulo kena kamene kamalumikiza njira yaikulu. Mukatchera khutu mumamva kuti "tha!" Nzeru imeneyi si yatsopano. Ambiri amati adayiyamba ndi Joseph Henry wa ku America cha m'ma 1835, ndipo idathandiza kwambiri potumiza mauthenga a telegalamu pa mawaya ataliatali. Koyilo ya relay ya galimoto imakoka magetsi osafika 0.2 amps. Tsono swichi yakale ija, m'malo mosenza 10 amps, ntchito yake imangokhala kutuma. Nkhalamba yakhala pakhonde n'kumangoloza, mnyamata wamphamvu ndiye akunyamula thumba, ndipo akudzera njira yachidule yochokera ku batire kupita ku nyali.

Pofuna kuika, choyamba yesani. Pezani mita yoyezera magetsi, lizani injini, yatsani nyali. Yezani pa batire, kenaka yezani pa mapazi a babu likuyaka. Kusiyana kukapitirira theka la volt, ntchito ilipo. Kukafika 1 volt kapena kuposa, musazengereze.

Mufunika ma relay awiri, ina ya dimu, ina ya fulu, iliyonse yolembedwa 30 amps kapena 40 amps. Mufunikanso mafyuzi awiri a 15 amps ndi zoikamo zake, ndiponso waya wamkuwa wokhuthala, wa 2.5 mm², wopangidwira galimoto. Waya wa m'nyumba, wa mtima umodzi wouma uja, sayenera ayi, chifukwa amathyoka ndi kugwedezeka kwa m'misewu yathu. Musanagwire waya aliyense, masulani mutu wa batire umene walumikizidwa ku chitsulo cha galimoto.

Mukatembenuza relay mupeza mapazi anayi olembedwa manambala: 30, 85, 86 ndi 87. Manambalawa adakhazikitsidwa ku Germany, ndipo opanga ambiri amawatsata. Amene muli ndi pensulo lembani. Phazi 30 lilandire waya wokhuthala wochokera ku batire, kudzera pa fyuzi. Phazi 87 litumize waya wokhuthala ku mababu onse awiri. Phazi 86 lilandire waya wakale uja wochokera ku swichi, amene kale ankapita ku babu. Phazi 85 lipite ku chitsulo cha galimoto, kumene amakaniko amati earth. Mukatero ndi waya wa dimu, bwerezani chimodzimodzi ndi wa fulu pa relay yachiwiri. Relay ina imakhala ndi phazi lachisanu pakati. Likakhala lolembedwa 87a, lisiyeni lokha. Pa galimoto zakale za ku Britain, waya wa dimu amakhala wobiriwira ngati thambo wokhala ndi mzere wofiira, wa fulu wa mtundu womwewo koma mzere woyera. Komabe galimoto imene yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri musaikhulupirire mitundu; yesani waya aliyense ndi mita.

Pa za fyuzi ndiimepo pang'ono. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, mtunda wosapitirira chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Waya wa phazi 30 amakhala ndi moto nthawi zonse, ngakhale kiyi ali m'thumba mwanu. Akakhuzika pa chitsulo popanda fyuzi, amafiira ngati khala, ndipo galimoto ingapse usiku muli m'tulo. Ndipo fyuzi ikapsa, musamange kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu m'malo mwake, monga ena amachitira. Funani chimene chaipsereza. Mafyuzi tikuti awiri chifukwa imodzi ikapsa pa fulu, mukhoza kubwerera pa dimu n'kuona poimika galimoto.

Ma relay amangidwe pafupi ndi nyali, kutali ndi kutentha kwa injini, mapazi ataloza pansi kuti madzi asalowe mukamawoloka zithaphwi. Polumikiza mawaya gwiritsani ntchito timapini toyenera, tofinyidwa zolimba, osati kungopota ndi zala n'kukulunga pulasitiki. Musaiwale earth ya mababu eniake. Palani dzimbiri ndi penti mpaka chitsulo chiwale, pakuti magetsi amene apita ayenera kubwerera, ndipo njira yobwerera ikakhala yoipa relay sithandiza kanthu.

Pali galimoto zina zofuna kusamala. Zambiri za ku Japan, makamaka Toyota, swichi yake yosinthira dimu ndi fulu imadula mbali ya earth, kotero kalumikizidwe ka 85 ndi 86 kamasintha. Zina mwa izo zidabwera kale ndi relay yakeyake. Ma Land Rover opangidwa chisanafike chaka cha 1967 ambiri adali ndi mutu wa positive wa batire ku chitsulo cha galimoto. Pa galimoto zotere pitani kwa makaniko wa zamagetsi ku Liwonde kapena ku Balaka. Safunsa adadya phula.

Relay siiwalitsa nyali imene mbale yake yonyezimira idachita dzimbiri, ndiponso siichiza alternator yofooka kapena lamba wolefuka. Ntchito yake n'kufikitsa ku babu magetsi amene alipo, ndi kupumitsa swichi imene masiku ano n'kovuta kuipeza m'sitolo. Dziwaninso kuti babu lolandira magetsi okwanira limatha msanga kuposa lija linkangonyeka, choncho yendani ndi lina lapadera.

Nyali zikawala, zikonzeni poloza. Imikani galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchokera pa khoma, ndipo muone kuti malire a kuwala kwa dimu agwere pansi pang'ono poyerekeza ndi msinkhu wa nyalizo. Muyesenso galimoto itasenza katundu, chifukwa madengu ndi matumba akalemera kumbuyo, mphuno imadzuka, ndipo dimu imathobwa m'maso anzanu ochokera kutsogolo ngati fulu.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Amene manambala aja anakudutsani, ndibwereze: 30 ku batire kudzera pa fyuzi, 87 ku mababu, 86 ku swichi, 85 ku chitsulo cha galimoto.