Mfumu Yosiya ndi Buku Lotayika M'nyumba ya Mulungu

Nthawi ya masankho ikafika m'maparishi mwathu, timakonda kukwezera manja munthu wodziwa kulankhula pa gulu, kapena amene ali ndi njinga yofikira msanga kwa Bambo Mfumu. Tisanasankhenso wakumpando wa mphakati kapena msungi-cuma, tiyeni titsegule Buku Laciwiri la Mafumu, mutu 22 ndi 23, tione za Mfumu Yosiya.

Yosiya sanabadwire m'banja lopemphera. Agogo ace, Manase, analamulira Yuda zaka 55 nadzaza Yerusalemu ndi mafano ndi mwazi wa anthu osacimwa. Atate ace, Amoni, anangokhala pa mpando zaka 2, ndipo anaphedwa ndi anchito ao omwe. Motero, ca m'ma 640 Kristu asanabadwe, mwana wa zaka 8 analongedwa ufumu.

Atafika zaka 26, anayamba kukonza Kacisi. Ndalama zimene anthu anali kupereka pakhomo zinaikidwa m'manja mwa akapitao kuti alipire amisiri a matabwa ndi omanga. Malembo anena kuti akapitaowo sanafunsidwe kuwerengera ndalamazo, popeza anali okhulupirika. Vesi limeneli tinamvapo asungi-cuma ena akulichula mokondwa pamene Akristu afunsa za thumba la malata a chalichi. Pepani, abale: ciweruzo cakuti munthu ndi wokhulupirika cimacokera kwa anthu amene aona nchito yace, sadzipatsa yekha. Ndiponso ndalama za Yosiya zinayamba zawerengedwa zisanaperekedwe, ndipo mlembi Safani anakapereka lipoti kwa mfumu.

Nchito iri mkati, mkulu wa ansembe Hilikiya anapeza Buku la Cilamulo. Akatswiri ambiri a Malembo aganiza kuti cinali cigawo ca Deuteronomo. Tangoganizani: nsembe zinali kupserezedwa, zopereka zinali kulowa, ansembe anali pa nchito, koma Mau a Mulungu anali ataiwalika m'nyumba ya Mulungu momwemo. Kodi si mmene zikhalira pa msonkhano wa mphakati pamene maora awiri athera pa nkhani ya zopereka ndi mayunifomu, Uthenga Wabwino n'kuwerengedwa mothamanga anthu atayamba kale kupinda mphasa?

Safani atawerenga bukulo, mfumu inang'amba zobvala zace. Apa ndi pamene pagona utsogoleri wa Yosiya. Akanatha kunena kuti mlandu ndi wa Manase, ndipo akananena zoona. Akanathanso kulamula kuti bukulo libwezedwe kumene linacokera. Iye anamva mauwo ngati akuweruza iye mwini pamodzi ndi anthu ace, natuma akulu asanu, mkulu wa ansembe ali pakati pao, kuti akafunse kwa Mulungu. Akuluwo anapita kwa mai, mneneri Hulida, mkazi wa Salumu wosunga zobvala. M'miphakati yathu amai ndiwo acuruka, ndiwo ayendera odwala ndi kugona pa maliro. Koma pofuna kumanga mfundo, kawirikawiri timawakumbukira nkhani itatha, pa nthawi ya kuphika.

Yankho la Hulida linali lowawa. Tsoka lidzagwera Yerusalemu ndithu. Yosiya yekha sadzaliona, cifukwa anadzicepetsa. Wina akanati, ngati zinthu zidzaonongeka ndithu, ndibvutikiranji? Yosiya anasonkhanitsa anthu onse, ang'ono ndi akulu, nawawerengera yekha bukulo. Anayamba ndiye kulonjeza, anthu natsatira. Pambuyo pace anacotsa mafano, nacita Paska imene inali isanacitike motero ciyambire masiku a Oweruza. Tate amene atuma ana ku Misa iye atatsalira pa mpando wandalema aganizire dongosolo limeneli.

Sinodi ya Afrika ya mu 1994 inatiphunzitsa kuti Eklezia ndi Banja la Mulungu. M'banja, ana amaonera zocita za akulu, komabe palibe kholo lingapatse mwana mtima wace. Yosiya anafera ku nkhondo ku Megido mu 609, polimbana ndi Farao Neko. Mneneri Yeremiya anamkumbukira monga mfumu yoweruza mwacilungamo milandu ya amphawi, pomwe mwana wace Yehoyakimu anali kumangitsa nyumba yacifumu osalipira anchito.

Tsiku lina, m'nyengo yozizira, Yehoyakimu nayenso anamuwerengera buku, la mau a Yeremiya. Anali kuotha moto. Wowerenga akatha zigawo zitatu kapena zinai, mfumu inali kuzidula ndi kampeni ndi kuziponya pa moto, mpaka buku lonse linatha. Palibe anang'amba zobvala tsiku limenelo. Mwa amuna atatu amene anamcondelera kuti asatenthe bukulo, mmodzi anali Gemariya, mwana wa Safani.