Chikomekome cha mkuyu: maluwa ena a pakhomo amasanduka mliri

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa lili kuswa mtengo, misewu ya ku Pretoria, Harare, Lusaka ndi Blantyre imavala maluwa a pepo a mitengo ya jakaranda. M'makomo namo anthu sagona. Amayi amazira makonde, ana amandandalika miyala yopaka njereza m'mbali mwa njira, ndipo zitini ndi matayala akale amasanduka mobzalamo maluwa. Khomo la maluwa limapatsa banja ulemu, ndipo mlendo amaona kusamala kwa eni nyumba asanalonjeredwe n'komwe.

Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zina mwa zomera zimene zikusautsa kwambiri chigawo chino cha Africa sizinabwere mozemba ayi. Zinachita kuitanidwa ndi anthu okonda maluwa, n'kulandiridwa ndi manja awiri.

Mlendo amene analanda nyumba

Chitsanzo chodziwika ndi namasupuni. Kwawo kwa chomerachi ndi ku mtsinje wa Amazon ku South America, ndipo chinafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankachiika m'timadamu ta pakhomo pokopeka ndi duwa lake. Chikapeza madzi ofunda ndi achonde, chimatha kuchuluka kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha. M'mtsinje wa Shire, namasupuni pamodzi ndi zomera zina za m'madzi wakhala akutseka makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Wavutitsanso pa mtsinje wa Kafue ku Zambia ndi pa nyanja ya Chivero, imene imamwetsa mzinda wa Harare. Akaphimba madzi, mabwato sadutsa, maukonde saponyeka, ndipo mpweya umene nsomba zimapuma umachepa.

Pamtunda vuto lotere lili ndi lantana, chitsamba cha timinga ting'onoting'ono chimene maluwa ake amasakaniza chikasu, kufiira ndi pinki pa phata limodzi. Nachonso chinachokera ku America ndipo ambiri anachibzala ngati mpanda. Mbalame zimadya zipatso zake n'kukamwaza njere kutali, kumene chimamera mothithikana mpaka msipu kutheratu. Ng'ombe ikadya masamba ake chiwindi chimaonongeka, khungu limasupuka padzuwa, ndipo nthawi zina imafa. Bungwe loona za chilengedwe la IUCN linaika lantana ndi namasupuni pa mndandanda wa zamoyo 100 zolanda malo koopsa pa dziko lonse, umene unatuluka m'chaka cha 2000.

Ngakhale jakaranda, amene anabzalidwa koyamba ku Pretoria m'chaka cha 1888, sanapulumuke mlandu. M'chaka cha 2001 boma la South Africa linaletsa kubzala ndi kugulitsa mbande zake chifukwa ankafalikira m'tchire ndi m'mbali mwa mitsinje. Malamulo a 2014 anafewetsa chiletsocho m'mizinda. Dzikolo lakhala likulemba anthu ntchito yozula zomera zachilendo zotere kuyambira 1995, kudzera m'ndondomeko ya Working for Water. Zimene zinabzalidwa mosewera zikuzulidwa ndi ndalama zankhaninkhani.

Kukongola kumene kumagwiranso ntchito

Izi sizikutanthauza kuti bwalo lizingokhala mbee, losesedwa mpaka fumbi. Ndiponso si chomera chilichonse chachilendo chimene chili choipa. Chofunika n'kusankha mwanzeru, ndipo banja la malo ochepa ndi madzi ogula limapindula likabzala zokongola zimene zilinso ndi ntchito.

Mpendadzuwa amawalitsa mpanda ndi chikasu chake, amaitana njuchi, ndipo njere zake ndi chakudya cha anthu ndi nkhuku. Chidede chili ndi nthambi zofiira ndi maluwa otuwa mwachikasu, komanso masamba ake ndi ndiwo. Bonongwe wofiira akabzalidwa mumzere m'mbali mwa njira amakongola ngati duwa lililonse logula. Maluwa a marigodi akadzaza bedi kwa nyengo yathunthu, mizu yake imachepetsa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya tomato. Maungu oyanga pa mpanda wa udzu amapereka maluwa, nkhwani ndi maungu omwe.

Kumadera ouma, mitundu ya aloe ya konkuno imapirira chilala ndipo imachita maluwa ofiira m'nyengo yozizira, pamene zomera zambiri zafota. Munda wa Kirstenbosch ku Cape Town, umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 1913 kuti usunge zomera za m'dzikomo, ndi umboni wakuti maluwa a kuno kwathu sachepekedwa kukongola.

Kusamala ana ndi ziweto

Pali zomera zina zosalanda malo koma zoopsa pakhomo pa ana. Oleander, chitsamba cha maluwa a pinki kapena oyera chimene chimapezeka m'mipanda yambiri m'tauni, ndi poizoni kuyambira ku tsamba mpaka ku muzu. Duwa la flame lily, limene ndi chizindikiro cha dziko la Zimbabwe, lili ndi muzu wonga kambatata umene ungaphe woudya. Utomoni wa nkhadze ukagwera m'maso umawotcha koopsa. Zomera zotere siziyenera kukhala pamene ana amasewera kapena pafupi ndi khola.

Zitini ndi matayala nazo zimafuna diso. Zikapanda kubooledwa pansi zimasunga madzi a mvula, ndipo udzudzu umaswana momwemo, pakhomo penipeni. Msomali ndi nyundo zimathetsa vutoli.

Pomwe lantana wamera kale, kumusadza sikuthandiza pakuti amaphukiranso. Amafunika kukumbidwa ndi mizu yomwe asanabereke zipatso. Zomera za m'madzi zozulidwa ziyenera kuumitsidwa padzuwa, osati kutayidwa m'ngalande, chifukwa ngalande iliyonse imakathera ku mtsinje.

Maluwa ambiri amayenda kuchoka khomo lina kupita lina ngati mphatso, kanthambi kokulungidwa m'pepala pochokera kocheza. Mwambo umenewu ndi wabwino. Chimene chimasoweka ndi funso limodzi kwa wopereka: kodi chomerachi chimakhala pamene chabzalidwa, kapena chimalumpha mpanda? Mlimi wa ng'ombe kutsidya kwa dambo ndi msodzi wa kumunsi kwa mtsinje amadalira yankho lake.