CISOLI CILIKUCEPA MPHAMVU PA NTHAKA YA ENI AKE

KANAKANTAPA: Mlendo amene afika pa msika wa kuno amamva zinenero zitatu kapena zinai asanagule n'komwe matimati. Cinyanja ndico cimveka kopambana, pambali pake Cibemba ndi Citonga. Cisoli, cinenero ca eni nthaka, cimveka makamaka pakamwa pa acikulire.

Dera lino liri m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, m'boma la Chongwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Boma la Dr. Kenneth Kaunda linapatula malo ano kuti acinyamata osowa nchito m'matauni adzalime. Iwowa anali a mitundu yosiyana-siyana, ndipo pogulitsana cimanga ndi pokwatirana anagwiritsa nchito Cinyanja, popeza ndico cinali kumvedwa ndi ambiri.

Koma cinenero ca Asoli cinayamba kupanikizidwa kale acinyamatawa asanafike. Lusaka atakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, apolisi, akalaliki ndi anchito ena ambiri olankhula Cinyanja anadzakhala mumzindamo. Dziko litalandira ufulu, lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cingelezi patsogolo m'masukulu, ndipo zinenero za m'dziko muno zimene Boma linavomereza pa maphunziro ndi pa wailesi zinali zisanu ndi ziwiri cabe: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde. Masukulu a kuno anapatsidwa Cinyanja.

Pamene Unduna wa Maphunziro unalamula m'caka ca 2014 kuti ana a Giredi 1 kufikira 4 aziphunzira m'cinenero codziwika kwao, mwana wa Msoli anapatsidwabe buku la Cinyanja. Cikhalireco Cisoli ndi mbale wa Cilenje, Cisala, Ciila ndi Citonga. Ubale wake ndi Cinyanja ndi wakutali ndithu. Mwana wotere anafunika kuphunzira cinenero cacilendo coyamba kuti akafikire caciwiri.

Ena amati mtundu wocepa sungakhale ndi mabuku ake-ake. Zocitika ku Denmark zitsutsa ganizo limeneli. Malire a dzikolo ndi Germany atakonzedwa mwa voti m'caka ca 1920, Ajeremani ena anatsala ku Denmark ndipo anthu ena a Cidanishi anatsala ku Germany. Malonjezo amene maboma awiriwa analengeza ku Bonn ndi ku Copenhagen m'caka ca 1955 anatsimikizira magulu onse awiri ufulu wa cinenero cao ndi masukulu ao. Ajeremani a ku Denmark ali pafupi-fupi 15,000 cabe, komabe ana ao amaphunzira m'Cijeremani. A Cidanishi a ku Germany ali ndi nyuzipepala yao, Flensborg Avis.

Ku zisumbu za Faroe, zimene ziri pansi pa ufumu wa Denmark, kuli anthu ongopitirira pang'ono 50,000. Cinenero cao cinakhala cacikulu ca zisumbuzo m'caka ca 1948, ndipo ku Tórshavn kuli yunivesiti yophunzitsa m'cineneroco. Zoona, Denmark ndi dziko lolemera, ndipo kusindikiza mabuku kumadya ndalama. Koma cinayamba ndi lamulo, ndalama zinatsatira.

Kuno Cisoli cimamveka poyera makamaka pa mwambo wa Chakwela Makumbi, umene umacitika ku Chongwe dzinja lisanayambe, pamene Mfumu Yaikulu imapempherera mvula ndi kudalitsa mbeu. Dzinalo litanthauza kukoka mitambo, ndipo ana ambiri obadwira m'Kanakantapa amacita kufunsa tanthauzo lake m'Cinyanja.