Gift: Kuno ndi Mphatso, ku Germany ndi Chiphe

Pa 25 Meyi 2013, tsiku limene Bayern Munich inagonjetsa Borussia Dortmund 2–1 pa bwalo la Wembley, dera lathu lonse linkamveka Chijeremani. Ine ndinalibe tikiti, ndinangopita kukaonerera chigulu pa Olympic Way. Ndinapeza anyamata atatu ovala zachikasu akujambula chikwangwani cha kasitolo kena, uku akufa ndi phwete. Chinalembedwa kuti “Gift Shop”. Nditafunsa chowaseketsa, mmodzi anandiuza kuti kwawo Gift ndi chiphe.

Mtima unapita kumudzi. Ndi ana angati amene tinawatcha Gift, poganiza kuti ndi Mphatso yemweyo koma wa Chizungu?

Chodabwitsa n'chakuti mawuwa sanangofanana mwangozi. Muzu wake ndi umodzi, wotanthauza kupereka: Angerezi amati give, Ajeremani geben. Kalekale nawonso Ajeremani akati Gift ankanena mphatso. Chinawasokoneza ndi chinenero cha asing'anga. M'Chigiriki dosis ndi “chopereka”, komanso mlingo wa mankhwala wopatsa wodwala. Ajeremani anatengera kanenedweko, ndipo pozemba kutchula chiphe poyera ankangoti “chopatsidwa”. Mapeto ake tanthauzo loipalo linalanda nyumba. Lakale lija linatsalira m'mawu akuti Mitgift, chuma chimene mkwatibwi amapita nacho ku banja.

Galamala yawo imasiyanitsa bwino ziwirizi. Chiphe ndi das Gift, zikachuluka Gifte. Chuma cha mkwatibwi ndi die Mitgift. Kwa Angerezi, mphatso zikachuluka amangowonjezera s basi.

A ku Sweden ndiye anandimaliza. Kumeneko gift ndi chiphe, mawu obwereka kwa Ajeremani, koma ndi munthu wapabanjanso, chifukwa mwana wamkazi ankachita kuperekedwa kwa mwamuna. Akakhala awiri amati gifta. Ku Denmark ndi ku Norway matanthauzo ndi awiri omwewa. Nthabwala zake mungazipeke nokha. Ine mayi akunyumba amawerenga zimene ndimalemba.

Komabe sindinawaone Ajeremani aja ngati achilendo kwenikweni. Agogo anga akamva kuti wina wadwala mosadziwika bwino atachokera ku mowa, sankatchula chiphe ayi. Ankatsitsa mawu, n'kuyang'ana kukhomo kaye, kenaka n'kunena kuti, “Ameneyo anamudyetsa.”