Bilimankhwe salira akadwala: malangizo kwa oweta koyamba

Awerengi anga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mukangomva dzina la bilimankhwe thupi limachita tsemwe. Inenso ndidakula choncho. Agogo ankatiuza kuti ndiye adachedwa ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi adamupitirira, ndipo tikakumana naye panjira yakudambo tinkabwerera. Choncho mu 2023, nditapita ku Leeds, ku England, kukaona mwana wanga yemwe akugwira ntchito kumeneko, ndidatsala pang'ono kugwetsa chikwama nditapeza mdzukulu wanga akuweta kabilimankhwe kuchipinda kwake.

Ana athu amene ali kunjaku akugula tinyama timeneti m'masitolo, ndipo ambiri akugula asadafunse. Nkhani ya leroyi ndi yanu makolo amene mwana wakuumirizani mpaka mwalola.

Mtundu womwe umagulitsidwa kwambiri amautcha veiled chameleon, ena amati Yemen chameleon, chifukwa kwawo ndi ku Yemen ndi kummwera chakumadzulo kwa Saudi Arabia. Mudzamudziwa ndi chisoti chosongoka pamutu. Mukamagula amakhala ngati chala chanu, koma wamwamuna amatha kufika masentimita 60 kuphatikiza mchira, n'kukhala ndi moyo zaka 6 mpaka 8. Wamkazi amachepa thupi ndipo zaka zake n'zocheperapo. Si wa ululu ayi, ngakhale mukamuputa amatha kuluma.

Ka mdzukulu wangako kadali m'bokosi lagalasi, muli mbale ya madzi ndi babu wamba. Patatha sabata ziwiri ndili komweko, mantha atatha, ndidayamba kukayang'ana ndi diso la unamwino. Miyendo yakutsogolo idali yopindika ngati ya matewe, kakamagwira nthambi kankanjenjemera, tsiku lina kadagwa. Ndidati, "Iwe, awa ndi matenda amene ndidawaona m'wodi ya ana. Mafupa akufewa." Dotolo wa ziweto adatsimikiza zomwezo.

Apa ndiye pagona nkhani. Kuti mafupa alimbe thupi limafuna kashiamu, ndipo kashiamuyo salowa bwino m'thupi popanda vitamini D3. Bilimankhwe amapanga vitaminiyu khungu lake likawombedwa ndi mbali ina ya kuwala kwa dzuwa yotchedwa UVB. Vuto n'lakuti kuwala kumeneku sikudutsa galasi, ndipo babu wamba sakutulutsa. Kuika khola pawindo n'kudzinamiza chabe. Gulani nyali yaitali ya chubu yolembedwa UVB, iziyaka maola 12 patsiku, usiku n'kuzimitsa. Muziisintha pakatha miyezi 6 mpaka 12 malinga ndi mtundu wake, chifukwa imapitiriza kuwala ngakhale mphamvu ya UVB itatha. Ambiri amagwa pamenepa.

Pamafunikanso nyali yachiwiri yootha. Kwa wamng'ono, panthambi yoothera pasapitirire madigiri 29, ndipo mbali ina ya khola pakhale pozizirira kuti akatenthedwa athawireko. Musayese ndi dzanja, gulani choyezera kutentha. Nthambi italikirane ndi babu, apo ayi apsa chisoti ndi msana.

Chachiwiri ndi madzi. Bilimankhwe nthawi zambiri samwa madzi a m'mbale, amanyambita madontho pamasamba monga amachitira ndi mame kuthengo. Muzipopera masamba m'mawa ndi madzulo, kapena ikani pamwamba pa khola kachitini kobowola pang'ono kuti madzi azidonthera pamasamba. Kuti mudziwe ngati akumwa, onani chimbudzi chake. Chimakhala ndi mbali yakuda ndi mbali yoyera. Yoyerayo ikamaoneka yachikasu kwambiri kapena ngati lalanje, ndipo maso alowa m'kati, madzi achepa m'thupi. N'chimodzimodzi mmene timaonera maso ndi liwombo la khanda lotsekula m'mimba.

Chachitatu ndi chakudya. Wamng'ono amadya tsiku lililonse tizilombo tamoyo, monga tinkhululu ndi tiziwala, pafupifupi 10 kapena kuposerapo. Kachilombo kasakule kuposa mpata wa pakati pa maso ake. Tizilomboto muzitidyetsa kaye masamba ndi karoti, chifukwa chiwala chanjala ndi chikhungwa chabe. Musadam'patse, tiwazeni ufa wa kashiamu wopanda D3, ndipo kawiri pamwezi muwaze wa mavitamini. Osachulutsa poganiza kuti ndiye chikondi. Vitamini D3 akachuluka amaononga impso. Tizilombo ta m'munda wopoperedwa mankhwala ndiye ayi ndithu.

Khola likhale lalitali, la waya wonga wotchingira udzudzu, kuti mpweya uziyenda. Akakula adzafuna la masentimita 60 mulitali, 60 mulifupi, ndi 120 kupita m'mwamba. Muikemo nthambi zambiri ndi zomera zenizeni monga hibiscus, poti mtundu uwu umabudulako masamba ndipo apulasitiki angamutseke m'mimba. Akhale yekha. Awiri m'khola limodzi ndi nkhondo, wofookayo amasiya kudya.

Funsaninso ngati mwagula wamwamuna kapena wamkazi. Wamwamuna amakhala ndi kachotupa kakang'ono kuchidendene cha miyendo yakumbuyo kuyambira tsiku loswa. Wamkazi amaikira mazira ngakhale asadakumanepo ndi wamwamuna, monga imachitira nkhuku. Akamakwana miyezi 6 muikireni chidebe cha mchenga wachinyezi, chakuya pafupifupi masentimita 25, choti akumbemo. Akasowa pokumba mazira amamukanirira m'mimba, ndipo amafa.

Tsopano za inu eni. Nyama za mtundu wa buluzi zimanyamula tizilombo ta Salmonella, toyambitsa kutsekula m'mimba ndi kutentha thupi, ngakhale izo zikuoneka zathanzi. Sambani m'manja ndi sopo mukagwira bilimankhwe kapena khola lake. Ziwiya zake musatsukire mosinki yakukhitchini. Mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi chidatsika asamugwire. Ndiponso bilimankhwe si mphaka, sakonda kunyamulidwa. Akada thupi, kudzitukumula ndi kuyasamula kukamwa, akunena kuti ndisiyeni.

Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Galu akadwala amalira, koma bilimankhwe amabisa matenda mpaka mochedwa. M'mawa uliwonse khalani naye pafupi mphindi zisanu. Kodi maso onse awiri ndi otsekula ndipo akuzungulira? Akugwira nthambi mwamphamvu? Wadya? Mukaona akutsinzina masana, akukhala pansi pa khola, kapena lilime silikufikanso pachakudya, musadikire mawa, pitani kwa dotolo wa ziweto wodziwa nyama zoterezi.

Kwa inu amene muli kuno kumudzi, musati mwawerenga izi ndiye mukagwire wa m'tchire. Kuphiri la Mulanje kuli mtundu wa bilimankhwe wosapezeka kwina kulikonse, womwe akatswiri adautcha Nadzikambia mlanjensis potengera dzina lathu lomwe la nadzikambe. Amenewo asiyeni m'mitengo momwemo, akudya dzuwa ndi mame aulere.

Wa mdzukulu wanga uja adachira titamugulira nyali yoyenera ndi kum'patsa mankhwala. Miyendo yokha sidawongoke, chifukwa fupa likapindika lapindika. Mnyamatayo amanditumizira zithunzi pa WhatsApp, ndipo funso langa limakhala lomwelo: "Nyali ija udasintha liti?"