Ndalanda mpira bwinobwino, nanga wadutsa bwanji?

Loweruka lina ndikudutsa pa Kamwendo ndinapeza ophunzira anga awiri a Fomu 4 m'kashopu ka magemu. Amasewera EA Sports FC pa intaneti, ndipo mmodzi anali atafiira maso. "Aphunzitsi, gemu iyi ndi yabodza! Ndalowa bwinobwino, mpira ndaugunda, koma munthu wadutsa n'kukagoletsa." Ndalama yake yolipira gemu inali itapita, ndipo amafuna kukangana ndi mwini shopu. Ndinamuuza kuti tikambirana Lolemba m'kalasi ya Physics.

Tiyambe ndi momentum, yomwe timaipeza pochulukitsa kulemera kwa chinthu ndi liwiro lake. Wotchinga kumbuyo wa makilogalamu 80 akamathamanga mamita 5 pa sekondi, momentum yake ndi 400. Wosewera kutsogolo wa makilogalamu 65 akamathamanga mamita 8 pa sekondi, yake ndi 520. Awiriwa akagundana maso ndi maso n'kukolana, onse amakankhikira komwe amalowera wochepa thupiyo. Mwaona? Thupi lalikulu palokha silikwanira.

Mpira nawo umalemera pakati pa magalamu 410 ndi 450 basi. Ukaugunda, umanjanja pa mwendo wa mnzako ndipo ukhoza kugweranso patsogolo pake. Ngakhale pa bwalo lathu lafumbi zimenezi zimachitika, eti?

Opanga magemu akhala akulimbana nazo. Mu 2011, kampani ya EA inaika Player Impact Engine mu FIFA 12 kuti kompyuta iziwerengera kugundana kwa matupi. Anthu anaseka kwambiri poona osewera akugwa mopindika ngati zidole. Mpaka pano gemu imasakaniza masamu a Physics, mayendedwe ojambulidwa kwa osewera enieni, ndi manambala a luso omwe wosewera aliyense anapatsidwa. Choncho si zonse zomwe zimatsata malamulo a Newton.

Koma chomwe chinamupweteka mnyamata uja kwenikweni ndi netiweki. Ukadina batani, uthenga umayenda ulendo wautali kunja kwa Malawi, kenako yankho limabwerera kuno ku Mchinji. Tinene kuti ulendowo watenga gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi: 8 kuchulukitsa ndi 0.1, yankho mamita 0.8. Pomwe wosewera wako akuponya mwendo, mdani wasuntha kale pafupifupi mita yathunthu. Iwe walowa pamalo pomwe munthu wachokapo.

Ndiye usanakalipire mwini shopu, werengera kaye. Netiweki ikamavuta, usamadzigwetse pansi polanda mpira; tsekereza njira, dina msanga. Lolemba lija mnyamatayo anawerengera yekha pa bolodi n'kupeza 0.8. Anangoti, "Ndiye kuti ndimachedwa ndine." Funso la momentum likadzabwera pa MSCE, ndikukhulupirira kuti sadzachedwanso.