Mawu a ku Kachulu Afika pa Wailesi

Pamene wailesi ya MBC inkayamba ntchito m'chaka cha 1964, kuulutsa mawu kuchokera kutali inali ntchito yolemetsa. Kuti msonkhano kapena mpira umveke nthawi yomwe ukuchitika, mawailesi a masiku amenewo ankabwereka waya wa lamya, ndipo waya umenewo unkanyamula mawu awo okha kufikira mwambo utatha. Kumalo kopanda waya, monga kudooko la Kachulu kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, mtolankhani ankayenera kujambula mawu pa tepi ndi kuyenda nayo ulendo. Pofika pa wailesi nkhaniyo inali itagona kale.

Lero mtolankhani angathe kuima pakati pa mabwato ndi foni ya m'manja, mawu ake ndi kufika ku Chanco Community Radio mumzinda wa Zomba kudzera pa intaneti. Foniyo imaduladula mawu m'tizidutswa tambirimbiri, tomwe timayenda pamodzi ndi mauthenga a anthu ena onse, ndipo makina a kuwailesi amatilumikizanso mwa ndondomeko yake. Apa ndiye pagona vuto. Waya wakale unali ngati njira ya kumunda kwa munthu mmodzi, pomwe intaneti ili ngati msewu wa ku msika. Anthu akachuluka, tizidutswa tina timachedwa kapena kutayika, mawu n'kumadukiza. Pofuna kupewa zimenezi makina amayamba asunga mawu kwa kamphindi asanawatulutse, n'chifukwa chake wofunsa ndi woyankha nthawi zina amalankhulira pamodzi ngati akukangana.

Ambiri tsono amasankha kujambula mawu ndi kuwatumiza pa WhatsApp, pakuti uthenga wotere umadikira mpaka netiweki itabwerera ndipo umafika wathunthu.

Kwa anthu a ku Chilwa nkhaniyi si yamasewera. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Asodzi a matemba amakhala miyezi pa zimbowera, kutali ndi chipatala, kumene kolera imafala msanga. Msodzi akanena yekha pa wailesi kuti madzi athawira pati, kapena kuti anzake ayamba kutsegula m'mimba, a ku chilumba cha Chisi angamve tsiku lomwelo. Komabe zonsezi zimalira mayunitsi a intaneti ndiponso pochajira foni, ndipo pa zimbowera palibe mawaya a magetsi.